Atsibweni Faustino ndi Magazi a Nkhuku za Amayi

Sabata yatha tinasonkhana kwathu ku Majaua pa mapemphero okumbukira kuti patha chaka chimwalirireni atsibweni anga, a Faustino Namakhwa. Wansembe sanathe kufika chifukwa mvula inali itadula msewu, choncho anatitsogolera ndi animadori, mtsogoleri wa mapemphero wa pa kapela pathu. Titaweruka, amayi asanu ndi awiri anabwera kudzapereka moni kwa azakhali Selestina, mkazi wa malemuwo, ndipo aliyense anali atamanga mazira m'kansalu. Sanapangane. Azakhali anayang'ana mazira aja ali mbwee m'lichero, n'kuyamba kuseka uku akupukuta misozi. Anati mwiniwake akanakhalapo akanaswa limodzi pomwepo kuti aone mtundu wa m'kati mwake, kenako akanayamba kufunsa kuti mwini dzira limeneli ndani, nanga nkhuku zake akuzidyetsa chiyani.

Tonse tinavomereza kuti akanaterodi.

Anali mlongo wawo wa mayi anga, woyamba kubadwa m'banja mwawo. Anali munthu wamfupi, woonda, woyenda mofulumira ngati pali chimene chikupsa pamoto. Mudzi wonse unkawatchula kuti a Felemero, kuchokera ku mawu a Chipwitikizi otanthauza namwino, ngakhale kuti unamwino sanauphunzirepo. Ali mnyamata anagwirako ntchito ya userevente pa positu ya zaumoyo, kusesa, kuwiritsa majakisoni, kutsuka timabotolo ndi kugwira ana pobayidwa. Dzinalo linawakakamira mpaka imfa, ndipo iwo sanalikane. Anali ndi chijasi choyera cha nthawi imeneyo, chimene ine ndinachidziwa chitasanduka kale mtundu wa dothi. Ankachivala polowa m'khola la nkhuku basi, osati kwina kulikonse.

Moni wawo unali wachilendo. Ukafika pakhomo pawo, asanakufunse za kumene wachokera, ankakugwira chibwano, n'kukokera pansi chikope chako ndi chala chachikulu. Akaona kuti m'kati mwa chikope ndi mofiira, ndiye ankati takulandirani, khalani pansi. Akaona kuti mwayera, moni unkathera pomwepo, mafunso n'kuyamba: ukudya chiyani, unadwala liti malungo, bwanji sunapite ku positu. Anachitapo zimenezi kwa mkamwini amene anabwera kudzafunsira mbeta, ndipo mnyamatayo anangoti kakasi, chipewa chili m'manja.

Nkhuku nazo ankazichita chimodzimodzi. M'mawa uliwonse ankagwira imodziimodzi, kuikanikiza m'khwapa, n'kuyang'ana lipombo, kanyama kofiira ka pamutu kaja. Ankaiyasamitsa kuti aone lilime, kutambasula phiko kuti aone mtsempha wa kunsi kwake, kenako kupisa zala kumbuyo kuti adziwe ngati ikuikira. Zala zitatu zikakwana pakati pa mafupa, ndiye kuti thadzi limenelo likugwira ntchito. Ankakonda kunena kuti dzira lililonse limene nkhuku yaikira latuluka m'magazi ake, ndiye munthu amene amangotola mazira osabwezera kanthu m'thupi la nkhukuyo sasiyana ndi wakuba. Ankanenanso kuti nkhuku siinama ngati munthu: ikadwala, mutu wake umanena tsiku lomwelo.

Chakudya cha nkhuku zawo ankasakaniza okha. Rasau, chakudya cha m'matumba chogula ku vila, kutauni kuja, ankaiona ngati yodula komanso yosadziwika chimene aikamo. Iwo ankatenga madeya, soya wokazinga, nandolo wosweka, fumbi la matemba la pansi pa dengu limene amalonda ankawasungira, ndi zigoba za nkhono zootcha n'kusinja. Pamwamba pa zonsezi ankathira ufa wawo wobiriwira, umene unawatchukitsa kuyambira ku Majaua mpaka kumsika wa Milange. Unali wa masamba a chamwamba, kholowa pang'ono, nimu pang'ono ndi adyo wouma. Masambawo ankayanika pamthunzi, ndipo akakupeza wawatulutsira padzuwa unkamva mawu. Muyeso wawo unali kachitini ka tomato, kamodzi pa ndowa ya madeya. Mazira a nkhuku zawo m'kati mwake munkakhala mwachikasu chofiirira ngati papaya wakupsa, ndipo amayi ogulitsa timakeke ta mabolo kumsika ankawalimbirana.

Ufa umenewu ndi umene unkawayambanitsa ndi azakhali pafupifupi tsiku lililonse. Mtondo unali umodzi pakhomopo. Azakhali akafuna kusinja nsinjiro ankapeza mtondo ukununkha adyo ndi kuwawa nimu.

"Inu a Faustino, kodi munakwatira ine kapena nkhukuzi?"

"Iwe Selestina, nkhuku sizinandifunsepo funso lotero."

"Ndiye zikuphikireni zomwezo lero."

Akakwiyitsana kwenikweni ankalowa m'Chilomwe, chimene ife ana a mbali yathu ya banja sitinkachimva bwino, ndipo tinkangomva mawu akuti mwalakhu, kutanthauza nkhuku, akubwerabwera. Akamagwirizananso ankabwerera m'Chinyanja. Chipwitikizi atsibweni ankachisungira nkhuku zosamvera ndi akuluakulu a boma.

Ndinali wamkulu kale pamene ndinadziwa chimene chinayambitsa zonsezi. Iwo eni sananenepo. Anandiuza ndi azakhali tsiku lina tikutola nandolo kumunda. Nthawi ya nkhondo positu ija inatenthedwa, ndipo banja lonse linawoloka Ruo kukakhala kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Anali ndi mwana mmodzi panthawiyo, Luiza, wa zaka zitatu. Mwanayo anadwala malungo kawiri motsatizana, ndipo atachira sanabwererenso mwakale. Atsibweni ankamukoka chikope m'mawa uliwonse n'kumaona chikuyererayererabe. Ankadziwa dzina la vutolo, ankadziwanso chimene mwana wotero amafunika kudya, koma m'nyumba munali ufa ndi nyemba zolandira basi. Anayenda midzi itatu kufunafuna ganyu woti awalipire mazira, n'kubwerako ndi awiri. Luiza anadya limodzi. Linalo linatsala, mwanayo atamwalira.

"Titabwerera kuno nkhondo itatha," anatero azakhali, "nyumba tinalibe, tinkagona m'chisakasa. Koma chinthu choyamba chimene bambo amenewa anamanga ndi khola. Ine ndinakalipa. Iwo anangopitiriza kuzika mitengo."

Anayamba ndi misoti iwiri yachikuda. Pofika zaka zimene ine ndikukumbukira bwino anali ndi nkhuku zoposa makumi anayi, zina zachikuda, zina zofiira zamazira. Mwana aliyense wa m'mudzi amene anamupeza ndi chikope choyera ankapita kwawo ndi dzira m'dzanja ndi kapepala ka ufa wa chamwamba woti mayi ake azithira m'phala. Sankafunsa kuti ndi mwana wa yani.

Musaganize kuti anali munthu wofatsa. Anali ndi liuma loopsa. Anakhala miyezi osalankhulana ndi mnansi wawo wina chifukwa choti munthuyo ankauza anthu kuti tsabola wothira m'madzi amachiritsa chitopa. Atsibweni ankati masamba amamanga thupi, koma chitopa chimamva vasina yekha, ndiye kuti katemera, ndipo aliyense wonena zina akupha nkhuku za anzake. Pa zimenezi ankanena zoona, ndipo chifukwa choti nthawi zambiri ankanena zoona, anazolowera kuganiza kuti sangalakwe. Ine sindinawamvepo akupepesa munthu, kufikira chaka cha nkhuku za amayi.

Papita zaka zisanu tsopano. Amayi a pa kapela pathu, ambiri a iwo amasiye, anapanga gulu, ndipo bungwe lina linawapatsa nkhuku zofiira zamazira makumi asanu ndi limodzi. Khola analimanga kuseri kwa nyumba ya mayi Rosa, amene anawasankha kuti azisunga kiyi ndi kudyetsa nkhukuzo. Mayi Rosa anali munthu wosalankhulalankhula, wolera zidzukulu zinayi payekha. Mazira ena amayiwo ankagawana kuti ana azidya, ena ankatumiza kumsika pa njinga. Kwa ambiri a iwo chinali chinthu choyamba chimene anakhala nacho chotchedwa chawo.

Pamodzi ndi nkhukuzo panabwera tekinika wa ziweto, mtsikana wa ku Gurue dzina lake Irene, amene ankafika pa njinga yamoto kamodzi pamwezi. Atsibweni palibe anawapempha kuti akhale mlangizi wa gululo, koma anadziika okha, ndipo amayiwo anakondwera chifukwa ankawakhulupirira. Rasau ya bungwe itatha, iwo ndi amene anawaphunzitsa kusakaniza chakudya, n'kumawapatsa ufa wobiriwira uja ulere. Ndi Irene sanagwirizane kuyambira tsiku loyamba. Ankamutchula kuti Dona Tekinika, mokokera mawu, ndipo mtsikanayo akamalankhula iwo ankayang'ana kumwamba.

M'mwezi wa Okutobala, kutentha kutafika poipa, mapombo a nkhuku za amayi anayamba kuyera. Mazira anachepa. Atsibweni anapita, anagwira nkhuku zingapo, n'kunena kuti magazi achepa, ndipo anali asanalakwe. Kulakwa kunabwera pa mankhwala. Anaganiza kuti ngati kachitini kamodzi kamathandiza, tiwiri tithandiza msanga. Anasinja ufa wina wapadera, nimu wambiri, adyo wambiri, anawonjezeramo ndi masamba a anyezi. Anauza mayi Rosa kuti azithira tizitini titatu pa ndowa. Mayi Rosa anachita monga anauzidwa.

Patatha milungu iwiri nkhuku zinayamba kufa. Zinkangokhala pansi, mapiko ali lende, kupuma movutika, m'mawa n'kuzipeza zauma. Zinafa khumi ndi imodzi.

Irene atafika analowa m'khola ndi kansalu koyera, n'kupukuta kunsi kwa mitengo imene nkhuku zimagonapo. Kansaluko kanatuluka ndi mizere yofiira. Anaonetsa amayi tizilombo ting'onoting'ono tobisala m'ming'alu ya mitengoyo, timene timayamwa magazi a nkhuku zikagona. Kenako anatapa chakudya m'chodyera, kuchinunkhiza, n'kutembenukira kwa atsibweni. Izi anandifotokozera ndi mayi Rosa, amene anali pomwepo.

"Papa Faustino, tizilomboti ndi timene tayambitsa. Koma chakudyachi nachonso chikundiopsa. Adyo ndi anyezi zikachuluka zimaswa magazi a nkhuku. Nimu naye akapitirira muyeso amafooketsa."

"Mwana iwe, ine ndinayamba kuona magazi iwe usanabadwe."

"Sindikukana, papa."

"Ufa umenewu nkhuku zanga zadya zaka makumi awiri. Ndi iti inafa?"

"Zadya wochuluka chonchi?"

Atsibweni anangoti purontu, kutanthauza kuti nkhani yatha, n'kukwera njinga yawo kumapita.

Irene anauza amayi kuti atenthe mitengo yogonapo ija, amate ming'alu, apopere khola, ndiponso asiye kaye ufa wobiriwira. Anachita zonsezo. Koma m'mudzi nkhani inali itayamba kale kuyenda mwina. Anthu sakanakhulupirira kuti a Felemero angalakwitse chakudya cha nkhuku, ndipo za tizilombo ankati khola lililonse limakhala nato. Ndiye maso onse anapita kwa amene ankasunga kiyi. Ena ankati mayi Rosa amagulitsa soya wa gulu tsidya la Ruo n'kumadyetsa nkhuku mankhusu okhaokha. Ena ankanong'ona zoipa kuposa pamenepo, zoti mwamuna wawo nayenso anafa mosadziwika bwino. Gulu linakhala pansi n'kuwalanda kiyi. Ndipo poti nkhuku zinayamba kuchira m'milungu yomweyo, anthu anati mwaona, wachoka mwini zake, imfa yatha.

Mayi Rosa anasiya kubwera ku kapela. Kuchitsime ankapita masana dzuwa lili paliwombo, nthawi imene kulibe anthu. Mdzukulu wawo wamkulu anabwerera kusukulu akulira chifukwa anzake anakana kukhala naye pa benchi limodzi.

Azakhali amati masiku amenewo atsibweni anasiya kudya bwino. Ankakhala pakhonde, kenako n'kudzuka kukayang'ana nkhuku, kubwerera, kukhalanso. Tsiku lina anadula nsungwi n'kugawa mbali ina ya khola lawo zipinda zitatu. Anasankha nkhuku khumi ndi zisanu zofanana msinkhu, zonse zathanzi, zisanu m'chipinda chilichonse. M'khola mwawo munalibe tizilombo, chifukwa ankathira phulusa ndi kusintha mitengo kawirikawiri. Za m'chipinda choyamba ankazipatsa chakudya chopanda ufa uliwonse. Za m'chachiwiri, kachitini kamodzi ka chamwamba chokha. Za m'chachitatu, tizitini titatu ta ufa womwe uja anapatsa amayi.

"Mukufuna muphe zanu zomwe?" anafunsa azakhali.

"Ndikufuna ndidziwe."

"Mukudziwa kale. Nkhope yanu ikuonetsa."

"Kuganiza si kudziwa, Selestina."

Irene atabweranso mwezi wotsatira, anadabwa kupeza a Felemero akumudikira pamphambano. Anapita naye kunyumba n'kumuonetsa zipinda zija. Anamupempha, ndipo azakhali amati mawuwo anatuluka ngati akuwazula dzino, kuti ikakwana milungu isanu ndi umodzi adzatenge magazi a nkhukuzo akawayeze ku vila. Mtsikanayo sanaseke kapena kuwakumbutsa zimene ananena tsiku lija. Anangofunsa kuti zipindazo azilemba bwanji kuti asadzasokoneze.

Milunguyo isanathe, ziwiri za m'chipinda chachitatu zinafa. Imodzi inali nkhuku imene ankaikonda kwambiri, yamawangamawanga, yomwe inkawatsatira mpaka kumunda. Azakhali anawachonderera kuti asiye, aona kale. Iwo anakana. Anati akasiya pakati, mawa adzayamba kudzinamiza kuti zinafa ndi kutentha.

Irene anabwera, anabaya nkhuku iliyonse pamtsempha wa kunsi kwa phiko atsibweni ataigwira, n'kunyamula magaziwo m'kabokosi kozizira. Patatha masiku atatu anabwerera ndi chithunzi pa foni. Pachithunzipo panali timachubu tagalasi toonda ngati udzu, toimikidwa pamzere. Magazi akazunguzidwa pa makina, ofiira amakhala pansi, madzi ake pamwamba. M'timachubu ta chipinda choyamba ofiirawo anafika malo abwino. Ta chipinda chachiwiri anakwererako pang'ono. Ta nkhuku zitatu zotsala za chipinda chachitatu anali pansi penipeni.

Irene anayamba kufotokoza, koma atsibweni anakweza dzanja. Timachubu totero anali atatsuka tambirimbiri pa positu paja, ndipo ankadziwa tanthauzo la mzere wofiira waufupi. Anaigwira foniyo nthawi yaitali. Kenako anaibweza, anavula chijasi chija, kuchipinda bwinobwino, n'kupempha azakhali madzi akumwa.

Lamulungu lotsatira ine ndinalipo, ndinali nditabwera kutchuthi. Loweruka lake atsibweni anapita okha kwa mayi Rosa kukawapempha kuti abwere ku kapela. Sanawauze chifukwa chake. Mayi Rosa anabwera mochedwa n'kukhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, ndipo malo a mbali zonse ziwiri anakhala opanda munthu. Mapemphero atatha, animadori atafunsa ngati pali zolengeza, atsibweni anaimirira. Anthu anayembekezera za vasina, chifukwa ndi zimene ankalengeza kawirikawiri. Anayenda mpaka kutsogolo, chipewa chili m'manja.

"Abale anga, nkhuku khumi ndi imodzi za amayi zija ndinapha ndine."

Wina kumbali ya abambo anaseka pang'ono poganiza kuti ndi nthabwala.

"Sindikuseka. Tizilombo tinaziyamwa magazi, zimenezo n'zoona. Koma zikanachira. Ine ndinazipatsa mankhwala opitirira muyeso, n'kumaliza magazi amene anatsala. Tekinika anandiuza, ine ndinamunyoza. Ndayesa pa nkhuku zanga, ziwiri zafa, zitatu zili m'khola muja, aliyense wofuna akaone. Mayi Rosa anathira zimene ine ndinawauza kuti athire, osapungula, osawonjezera. Miyezi iwiri mwakhala mukuwanena, ine ndikumva, ndili chete. Kupha nkhuku ndinapha mosadziwa. Koma kukhala chete ndinakhala ndikudziwa."

Atatero anadutsa pakati pa mabenchi mpaka kumbuyo kuja. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, wa mawondo ovuta, anagwada pa simenti pamaso pa mayi Rosa.

"Mayi, ndakulakwirani. Ndikhululukireni."

Mayi Rosa anaphimba kumaso ndi nsalu. Mapewa awo ankagwedezeka. Kenako anati, "Dzukani, a Felemero, mukundichititsa manyazi." Koma atsibweni sanathe kudzuka okha. Anawadzutsa ndi mayi Rosa omwewo, atawagwira m'khwapa. Amayi a gulu anayamba kusuntha mmodzimmodzi kupita ku benchi lakumbuyo lija. Amene anatsogolera zolanda kiyi anaimasula pa ngodya ya chitenje chawo pomwepo n'kuiika pamiyendo pa mayi Rosa.

Lolemba m'mawa atsibweni anamanga madengu awiri pa njinga, n'kuikamo misoti khumi ndi umodzi, yabwino koposa m'khola mwawo, yotsala pang'ono kuyamba kuikira. Sanakwere njingayo, anaikankha kudutsa pakati pa mudzi anthu akuona. Azakhali, amene ndinkayembekeza kuti akalipa, ndi amene anawathandiza kumanga zingwe.

Sindinganene kuti kuchokera pamenepo anasanduka munthu wofatsa. Liuma linalipobe, ndipo mnansi wa tsabola uja anapitiriza kumva mawu. Koma ufa unasintha. Anyezi anamuchotseratu. Nimu ankaika pang'ono chabe, masiku owerengeka, kenako n'kupumira. Adyo anatsala kachidutswa kamodzi m'madzi akumwa kamodzi pa sabata. Aliyense wobwera kudzatenga ufa ankayamba wamva nkhani ya nkhuku khumi ndi imodzi, yonse, ngakhale amene anaimva kale kasanu. Ankamaliza ndi kunena kuti tsamba likhale labwino chotani, likachuluka limaluma, ndipo asanathire chilichonse m'chakudya ayambe ayang'ana kunsi kwa mitengo yogonapo.

Irene anasanduka mwana wa pakhomo. Ankakangana ndithu, za kuchuluka kwa soya, za nthawi yoyenera kudula chamwamba, koma tsopano ankakangana atakhala pamphasa imodzi, akudya chinangwa chophika. Dzina la Dona Tekinika linatsala, kukokera kuja kokha ndi kumene kunatha. Atamusamutsira ku boma lina ankaimbabe foni, ndipo atsibweni ankafuula pa foniyo ngati akulankhula ndi munthu wa tsidya la mtsinje. Pamaliro anabwera, ulendo wa tsiku lathunthu pa shapa, kaminibasi ka kwathu kuno, ndipo anakhala pakati pa ife achibale.

Atsibweni anadwala masabata atatu okha, chifuwa. Tinapita nawo kuchipatala ku vila. Tsiku lina masana ndinatuluka kukagula madzi, pobwera ndinapeza bedi lawo lili lopanda munthu. Ndinawapeza pakhonde la chipatala atatsamira chipupa, akupuma movutika, atagwira chibwano cha kamtsikana kena kamene mayi ake ankadikira pamzere. Ankauza mayiyo kuti mwanayu magazi ndi ochepa, asachoke asanamuyeze, ndipo akafika kunyumba azimupatsa dzira ngakhale kawiri pa sabata. Mayiyo ankangoti inde adokotala, inde adokotala. Pobwerera ku bedi anandiuza kuti ndisawaulule kuti si dokotala, mwina mayiyo angasiye kumvera. Anamwalira patatha masiku anayi, m'mawa, azakhali atawagwira dzanja.

Mapemphero a sabata yatha atatha ndinatsalira masiku awiri. Azakhali sakhalanso pamalo paja. Miyendo inawavuta, ndipo mwana wawo wamkazi, wobadwa nkhondo itatha, anawatengera kwake, pafupi ndi msewu. Nkhuku anazigawa kwa amayi a gulu mwezi womwe wa maliro.

Ndinapita ndekha kunyumba yakale ya atsibweni Loweruka m'mawa. Njira yolowera pakhomo yamera chisoso chofika m'mawondo. Chitseko cha nyumba n'chomangidwa ndi waya. Denga la khola lagwa mbali imodzi, ndipo chiswe chakwera nsanamira zonse mpaka pamwamba. M'kati mulibe fungo lililonse la nkhuku, mwangotsala nthaka yakuda yofewa mmene mwamera maungu okha, opanda wowabzala, atayanga mpaka kutulukira pa zenera. Thandala limene ankayanikirapo masamba lili pansi, mbuzi za eni ake zimagonapo. Mitengo ya chamwamba ya kumpanda, imene mwiniwake sankailola kupitirira phewa lake, yatalika kuposa nyumba, ndipo nyemba zake zouma zimagundana kukawomba mphepo.

Ndinakhala pa chitsa kuseri kwa khola kwa kanthawi. Kenako ndinamva mapazi kunjira. Anali mayi Rosa, dengu lili pamutu, ndodo yokowera nthambi ili m'manja, kudzathyola masamba a nkhuku za gulu. Sanandione. Anafika pamene panali chipata, pomwe tsopano palibe ngakhale mtengo umodzi woimirira, n'kuima. Anatula dengu, anawomba m'manja kawiri.

"Odi kuno, a Felemero."

Anadikira pang'ono, monga mmene munthu amadikirira kuti wa m'nyumba avale malaya. Kenako anatola dengu lawo n'kulowa.